Lachinayi, Tsiku la Dipi

Ntchito yanga yonse pansi pano inali yosambitsa ng'ombe. Sekani ngati mukufuna, ena anaseka kale. Ndinaiyamba ndevu zikungophuka, ufulu utangobwera kumene, tawuni yathu itangotaya dzina la mzungu n'kuyamba kutchedwa Chipata. Atate anali mphunzitsi wa pa mishoni, ndipo mtima wawo unali poti ndikhale kalaliki wa tayi ku boma. Nditawauza kuti a vetenale andilemba ntchito yoyang'anira dipi cha ku Mtenguleni, anavula magalasi n'kundiyang'ana nthawi yaitali. "Sukulu yonse ija," anatero, "kuti ukanunkhe ndowe?" Ndinanunkhadi ndowe mpaka imvi, ndipo sindinachite nazo manyazi.

Mwina ena simunaionepo dipi. Ndi dzenje lalitali la simenti, lakuya kupitirira msinkhu wa munthu, lodzaza madzi osakaniza ndi mankhwala opha nkhupakupa. Ng'ombe zimadikira m'khola lalikulu, kenako zimalowa m'kanjira ka mitengo imodziimodzi, n'kudumphira m'madzimo, khuvu! Zimamira mpaka nyanga, n'kusambira kukatulukira uko. Nkhupakupa ndiyo imanyamula chigodola, matenda otupitsa ng'ombe m'munsi mwa makutu, ndipo ikatupa choncho mwini wake amayamba kunola mpeni. Boma latsopano lija linkapereka mankhwala ulele. Lole inkabwera ndi madramu, ine n'kutsekera m'kanyumba kanga ka malata. Ndinalinso ndi kabokosi ka timabotolo toyezera ngati madziwo akadali ndi mphamvu. M'kanyumbamo sindinkalola munthu, chifukwa mankhwalawo anali poizoni weniweni.

Tsiku lathu linali Lachinayi. Poyamba anthu ankakana. Ankakumbukira za atsamunda, pamene munthu wa boma akayang'ana ng'ombe zako kawiri, umadziwa kuti pali chimene akufuna. Ena ankabisa ng'ombe kudambo, ena ankatumiza zitatu n'kusiya khumi. Tsono ine pakamwa panga ndi pakuthwa chibadwire. Ndinkakwera njinga ya boma mudzi ndi mudzi, kuima pabwalo, n'kukalipa mpaka agalu kuthawa. Mawu anga anali amodzi okhaokha: "Ng'ombe yophonya Lachinayi ndi ndiwo kale!" Ndinawanena kumaliro, ndinawanena kuukwati, ndinawanena mpaka azimayi anayamba kuwaimba posinja. Patapita zaka, kunalibenso wokalipira. Lachinayi m'mamawa fumbi linkakwera m'njira zonse, malikhweru ali pyepye, ndipo ng'ombe zinkadziwa njira zokha. Chigodola chinasowa m'dera langa, mwakuti ana anakula osachidziwa.

Ndinene za mlongo wanga wamkulu, chifukwa nkhaniyi ndi yawo. Anakwatiwa m'mudzi wa Akatolika, ulendo wa ola limodzi wapansi kuchoka padipi, ndipo atate sanakondwe nazo, koma imeneyo ndi ina. Chibadwire mwana wawo woyamba, asisi anasiya kunditchula dzina, ankangoti "amalume" motsatira ana. Amuna awo, alamu anga, anali munthu wofatsa kwambiri. Chaka china anaphonya dipi kawiri motsatizana chifukwa ngolo yawo inkatuta njerwa za tchalitchi. Ndinapita konko. Ndikanawatengera kuseri kwa nkhokwe n'kulankhula nawo ngati alamu, koma iyayi, ndinafuna kuti anthu aone kuti kwa ine kulibe chibale. Ndinawakalipira pabwalo, akazi awo ali pomwepo, mudzi wonse ukumva. Ndinawafunsa ngati tchalitchicho chidzawakokera pulawo ng'ombe zikafa. Osakhutira, ndinakawanenera kwa bwana wa vetenale, amene anawaitanitsa ku boma n'kuwaimika pakhonde tsiku lonse. Asisi sanandilankhule mpaka tinakolola. Koma kuyambira pamenepo ng'ombe za pakhomo pawo zinkakhala zoyamba pamzere.

Alamu atamwalira, achibale awo anagawana khola. Asisi anawasiyira ng'ombe ziwiri zolimira, ina yofiira, ina yamawanga ya nyanga yopindikira pansi. Ana anali atabalalikira ku migodi ndi ku Lusaka, makalata okha. Msana wa asisi unali utayamba kale kuvuta, moti khasu sankatha nalo ngakhale mizere isanu. Ng'ombe ziwirizo ndizo zinkawadyetsa. Zinkalima chimanga, thonje ndi mtedza, ndipo anansi ankabwera kudzawapalira posinthana ndi pulawo. Popanda izo, asisi akanakhala munthu wodikira mbale ya ena, chinthu chimene ankachiopa kuposa imfa. Lachinayi lililonse ankazikusa okha, chitenje chili m'chiuno, kamtengo m'manja, ndipo ine pofika padipi ndinkawapeza atakhala kale pachitsa.

Kenaka wailesi inayamba kulankhula chilankhulo china. Akuti dziko lamira m'ngongole, mayiko akunja avomera kutithandiza, koma boma lisiye kugwira zinthu zambiri, makampani ake agulitsidwe, aliyense aziimire payekha. Ndinkamva zimenezi ndikudya, n'kumati ndi za ku migodi ndi mafakitale a ku Lusaka. Dzenje la simenti kuno kwa Angoni, angaligule ndani?

Anatiitanira ku semina m'tawuni, mu hotela, oyang'anira madipi tonse. Kutsogolo kunaima mzungu wa kabudula wamtali, pambali pake mwana wa konkuno wa suti, wotanthauzira ngakhale ambiri tinkamva Chingerezi. Anapachika mapepala aakulu a mivi yoloza uku ndi uku. Mfundo yawo inali yakuti chinthu chaulele sichisamalidwa, mlimi akamalipira yekha adzasamala ng'ombe zake, ndipo dipi ikakhala ya munthu wabizinesi idzayenda bwino kuposa ya boma. Ndinakweza dzanja. Ndinafunsa kuti madzi aziyeza ndani. Anandiyankha kuti mwini dipi sangalole madzi kufooka, chifukwa makasitomala angamuthawe. Ndinati, "Bwana, mlimi adziwa bwanji kuti madzi afooka? Azilawa?" Anzanga anaseka, mzungu uja analemba kenakake m'buku, wa suti uja anati funso langa ndi labwino kwambiri ndipo tilikambirana tikamwa tiyi. Tinamwa tiyi ndi mabanzi. Mpaka lero sitinalikambirane.

Thandizo linafikadi, sindinama. Anabwera amisiri pa lole, anapaka dipi yanga penti woyera, anasintha mitengo yowola, anakhoma chikwangwani chachikulu chonena kuti ntchitoyi yatheka ndi chithandizo cha abwenzi akunja. Dipi inawala ngati chipatala. Dramu la mankhwala ngakhale limodzi silinali pa lole imeneyo. Mwezi wotsatira ndinalandira kalata yondithokoza chifukwa cha zaka zanga zonse. Anandilanda njinga, makiyi ndi kabokosi ka timabotolo kaja. Kabokosiko ndinapempha kuti andisiyire, popeza kuofisi kakangokhala pashelefu, koma anati ndi katundu wa boma. Walira mvula walira matope, akuluakulu sananame.

Amene anatenga dipi anali mkulu wina wa golosale ku Kapata, m'tawuni, munthu amene ng'ombe ankaidziwira pa mbale. Anabwera ndi theka la dramu, anathira mwa maso, n'kukhala pampando pakhomo la khola kuti aliyense alipire. Koma inali miyezi imene mlimi alibe kanthu m'thumba. Wina anabwera ndi nkhuku, wina ndi lichero la mtedza, ambiri anabwera ndi "tidzaona tikagulitsa thonje." Mkuluyo anabwera katatu, kachinayi sanaoneke. Sindimuda kwenikweni. Anamuuza kuti m'dzenjemo muli phindu, iye anapezamo ndowe.

Apa ndi pamene mutu wanga umawira ndikakumbuka. Mwini dipi anasowa, koma Lachinayi silinasowe. Anthu anapitiriza kubwera, midzi yonse, monga kale. Madzi akatsika, ankatunga kudambo n'kuwonjezera mpaka pa mzere wofiira wa pakhoma, monga ankandionera ine ndikuchita zaka zonse zija. Chimene sankaona n'chakuti pa ndowa zakutizakuti za madzi ndinkathiranso muyezo wa mankhwala, chifukwa zimenezo ndinkachitira m'kanyumba, chitseko chotseka. Ndipo simenti imene yamwa mankhwala zaka zambirimbiri imanunkhabe ngakhale muthiremo madzi a mvula. Munthu ankawerama, kununkhiza, n'kuuza anzake, "Ilipo mphamvu, ikulasa m'mphuno!" Ng'ombe khuvu, khuvu, anthu n'kubwerera kwawo mitima ili m'malo.

Ine Lachinayi sindinkatha kukhala pakhomo. Miyendo inkangonditengera komweko, ndikuima patali pansi pa mtengo wa msuku ngati mlendo. Loweruka lina ndinapita kwa asisi n'kupinda khutu la ng'ombe yofiira ija. Mayo ine! Nkhupakupa zili ndundundu, zamoyo, zokhuta, patangopita masiku awiri chisambire. M'masiku anga zikanakhala zitauma n'kuyoyoka. Ndinakhala pansi pomwepo m'khola. Ndinaganiza za khola lodikirira lija, mmene ng'ombe za midzi yonse zimathinana m'mawa wonse, udzu uli m'mbali, nkhupakupa zikugwa kwa iyi n'kukwera kwa iyo. Kale zinkakwera n'kukafera m'madzi. Tsopano zinkakwera, kusamba, n'kupita kumudzi wina.

Lachinayi lotsatira ndinaima pakhomo la khola n'kukweza mawu anga akale aja. Ndinati madziwa afa, bwererani nazo, aliyense asunge ng'ombe zake kwawo. Wina anayamba kuseka. Anali bambo wina wa nthabwala, amene ndinamukalipirapo kambirimbiri. "Akapitawo," anatero, "dzana munkatitukwana kuti tisaphonye. Lero mukutitukwana kuti tisabwere. Tigwire ziti? Kapena madziwa anafa tsiku limene anakulandani njinga?" Khamu lonse linafa nacho chiseko. Mayi wina kumbuyo ananena mokweza kuti nsanje ndi matenda, munthu akamuchotsa ntchito amafuna kuti zonse zigwe naye. Ndinayankha kuti galu wamkota sakandira pachabe. Anthu anati galu wamkota amakandanso utitiri wake. Anandikankhira pambali mwaulemu ndithu, ng'ombe n'kuyamba kulowa, ziwiri za asisi patsogolo.

Ndinapita m'tawuni pa lole ya thonje. Ku ofisi ya vetenale ndinapeza mnyamata wophunzira bwino, wa ulemu, atakhala pafupi ndi galimoto yopanda petulo. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kutambasula manja. Anati madipi sali m'manja mwawonso, iwo tsopano ntchito yawo ndi kulangiza. Ndinati chabwino, tiyeni mukalangize. Analoza galimoto ija. Ndinayenda wapansi mpaka ku Kapata, kwa mwini dipi. Ndinamupeza akupima shuga. Anati ngati ndikuikonda choncho dipiyo, ndiigule ikhale yanga. Ndinatuluka ndisanagwetse sikelo yake, chifukwa manja anali atayamba kundiyabwa.

Ndinaganiza kuti ngati mudzi wandikana, ndipulumutseko ziwiri zokha. Ndinapita kwa asisi masana, ndinawapeza akusenda mtedza pakhonde.

"Asisi, ndapota nanu, ng'ombezi zisapitenso kudipi. Ndizibwera ine m'mawa uliwonse, ndizizichotsa nkhupakupa ndi manja, m'makutu ndizipakamo oyilo wakutha. Zizidya kuseri kuno zokha, zisasakanikirane ndi zina."

Sanakweze mutu. "Amalume, amuna anga anaphonya kangati?"

"Zimenezo ndi zakale, asisi."

"Ndafunsa kuti kangati."

"Kawiri."

"Kawiri. Munawavula pabwalo pano ngati mwana woba mazira. Anakaima pakhonde la boma dzuwa lonse, osadya, atavala jekete la ku tchalitchi. Pobwera anandiuza kuti, mayi, mlongo wanu ndi wamwano koma akunena zoona, ng'ombe zathu zisadzaphonyenso. Ali gone m'chipatala anandikumbutsanso. Tsono lero mukuti ndiphonye dala? Ndikawauze chiyani?"

"Nthawi imene ija m'madzi munali mankhwala!"

"Nanga fungo lija n'lachiyani?"

Ndinafotokoza za simenti, za muyezo, za timabotolo. Ndinakalipa, ndinachonderera, ndinafika potchula atate m'manda. Anandilola kuti ndizibwera kudzachotsa nkhupakupa, poti zimenezo sizilakwira munthu. Ndinkafika m'mawa uliwonse ndi kachitini ka palafini koponyamo, zala zanga mpaka zinachita matuza. Koma Lachinayi ndinkapeza khola lili pululu, mapazi a ng'ombe ataloza kudipi. Ntchito ya masiku asanu ndi limodzi inkathera m'mawa umodzi.

Ndiye ndinachita chinthu chopusa, chimene nthawi imeneyo ndinkachiyesa nzeru. Ndinati dipi ikauma, anthu asiya okha. Dipi yathu inali pamtunda pang'ono, ndipo ndinali ndi payipi yanga yaitali imene tinkapopera madzi akale kupita kudzenje la kumunsi. Lamulungu m'mawa, Akatolika ali ku misa, a mpingo wa kwathu ali ku mapemphero awo, ndinaponya payipiyo m'dipi. Kale tinkayamba taidzaza madzi abwino, chifukwa kuyamwa ndi pakamwa kunali kudzipha, ndipo ndinathamangitsapo wantchito chifukwa choyesa zimenezo. Tsiku limenelo ndinayamwa dala. Madzi anandidzaza m'kamwa. Ndinadikira kuti lilime liyabwe, milomo ichite dzanzi, mutu uzungulire. Palibe. Anali madzi a ndowe basi. Ndinalavula, ndipo misozi inatuluka, ya ukali.

Pofika Lolemba masana dipi inali gwa, matope okha pansi. Mudzi unadziwa msanga kuti ndi ine, popeza payipi yotere inali ndi munthu mmodzi. Ndinkayembekeza kuti abwera kudzandizenga mlandu, ndipo ndinali nditakonzeka kuwayankha. Sanabwere. Amuna anakolopa matope aja, azimayi a midzi yonse anatenga ndowa. Masiku awiri ndi theka mzere wa azimayi unkachoka kudambo kupita kudipi, kuthira, kubwerera. Ndinaona ndi maso angawa asisi ali pamzerewo, ndowa pamutu, dzanja lina litagwira msana. Pofika Lachinayi madzi anali pa mzere wofiira, oyera bwino, ndipo simenti inkanunkhabe. Ngati munatsala kamphamvu pang'ono m'madzi akale aja, ndinakataya ndine. Kumsika anthu ankandilambalala, ndipo asisi anandiuza mawu awiri okha, akuti, "Mwakondwa, amalume?"

Mvula itagwa, udzu unakula, nkhupakupa zinaswana. Chigodola chinayambira m'mudzi wa kumadzulo, ndipo pasanathe mwezi chinali paliponse pamene panali njira yopita kudipi. Ng'ombe inkayamba kusiya kudya, m'munsi mwa khutu n'kutupa ngati dzira, maso n'kuchita mtambo, kenako kupuma movutika, thovu m'mphuno. Anthu ankazipha zisanafe zokha n'kukweza nyama pa njinga kupita nayo m'tawuni. Ku komboni ya Nabvutika anadya nyama chaka chimenecho, ngakhale amene ankaionera pa Khirisimasi pokha. Ndipo kumudzi ng'ombe zikamafa, anthu ankalimbikira kwambiri kudipi. Ena ankafuna kuti azisambitsa kawiri pa mlungu.

Chimene chinandipweteka koposa ndi ichi. Kuseri kwa mapiri kunali timidzi timene ndinalephera kutigonjetsa zaka zonse. Ng'ombe zawo sizinalowepo m'dipi, zinali zonyansa, makutu odyekadyeka, ndipo eni ake ndinkawatcha mbuli pamaso pawo. Chaka chimenecho zawozo zinafa zochepa. Tsiku lina ndinakumana ndi mmodzi wa iwo akukusa ng'ombe zake zonyansazo, zamoyo, ndipo anandipatsa moni mwaulemu kwambiri moti ndikanakonda akananditukwana. Nditamufunsa mnyamata wa ku ofisi uja, anandiuza kuti ng'ombe yolumidwa ndi nkhupakupa kuyambira ili thole imadwala pang'ono n'kulimba, koma yosambitsidwa mlungu uliwonse moyo wake wonse thupi lake silidziwa nkhondo imeneyi. Anati dipi ndi yabwino ngati simudzaisiya. Ndinamufunsa ngati a mapepala a mivi aja ankazidziwa zimenezi. Anati mwina anali a zachuma, osati a ziweto. Koma abale! Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Ndiye kuti ng'ombe za m'dera langa, zoyera bwino zija, ndinazilera ine kuti zidzafe tsiku limene lole idzasiye kubwera.

Yofiira ya asisi ndiyo inayamba kudwala. Ndinapeza chotupa m'munsi mwa khutu Lolemba, ndipo ndinangowayang'ana asisi, iwonso anandiyang'ana. Ndinagulitsa wailesi yanga, yomwe ija inkandiuza za thandizo, n'kukagula kabotolo ka jakisoni m'sitolo ya m'tawuni. Wogulitsayo ankagulitsanso misomali ndi sopo, ndipo sanathe kundiuza ngati mankhwalawo anali a chigodola kapena ongotsitsa kutentha thupi. Ndinabaya. Inafa patapita masiku asanu ndi atatu. Anansi anabwera ndi mipeni, asisi anawabweza. Anati ng'ombe imene yawadyetsa zaka zonsezi sangaidye. Tinaikwirira kuseri kwa khola, ine ndi amuna awiri, ndipo asisi anapachika goli paphaka la nyumba.

Yamawanga inatsala yokha, ikulira m'khola. Ng'ombe imodzi sikoka pulawo, koma asisi anali atayamba kale kulankhula ndi mnansi wina amene nayenso inamutsalira imodzi, kuti aziphatikiza. Pa imeneyo ndi pamene panatsala chiyembekezo chonse. Mlungu umenewo, kwa nthawi yoyamba chimwalirire amuna awo, asisi sanapite kudipi. Sanandiuze kuti ndinkanena zoona, ndipo ine sindinafune kumva zimenezo. Ndinkafika mmamawa, kupinda makutu, kusisita m'khosi, kufunafuna chimene sindinkafuna kuchipeza. Ndinachipeza Lachisanu.

Inalimba masiku angapo, kenako inagona pansi osadzukanso. Asisi anaifolera kamthunzi ka udzu, ankaimwetsa madzi ndi botolo, ankaipukuta thovu ndi chitenje chawo. Ankailankhula ngati munthu, kuikumbutsa minda imene inalima. Ine ndinkangozungulira khola ndikutukwana, mzungu wa kabudula, mwana wa suti, wa golosale, boma, nkhupakupa, aliyense amene ndinamukumbukira. Asisi anati ngati ndabwera kudzachita phokoso pa matenda, ndibwerere kwathu. Ndinakhala pansi pambali pawo.

Lachinayi m'mawa ndinafika dzuwa likutuluka. Ng'ombe inali chigonere, khosi litatambasuka pansi, ikupuma ngati mvukuto wobooka. Tinakhala pambali pake, asisi uku, ine uku. Kenaka kunjira kunamveka malikhweru. Anali anthu a mudzi wa kumtunda, akupita kudipi ndi ng'ombe zimene zinawatsalira, zochepa zedi, fumbi lake losafika n'pamaondo pomwe. Ndinadzuka kuti ndikawatukwane komaliza.

Ndisanafike pakhomo la khola, ndinamva kukhuluka kumbuyo kwanga. Yamawanga inali itadzutsa mutu, makutu ali chilili. Inaponda ndi miyendo yakumbuyo, inagwada ndi yakutsogolo, inagwa, inayesanso. Ng'ombe imene masiku atatu sinathe ngakhale kudzithamangitsa ntchentche inaimirira, miyendo ikunjenjemera, thovu likuchucha. Inandidutsa ine, inakankha mtengo wotsekera pakhomo ndi nyanga yopindika ija, n'kutulukira panja. Sinapite kumadzi kapena kumsipu. Inakhotera kumanzere, njira ya kudipi. Inayenda mapazi ngati khumi, n'kugwa chammbali pakati pa njira, ndipo sinapumenso.

Ndinathamangira pamene inagwera. Asisi anabwera pang'onopang'ono, dzanja pamsana, anagwada, n'kuitseka diso ndi chikhatho. Kenako anandiyang'ana. Sanalire, ndipo m'mawu mwawo munalibe chipongwe.

"Musaikalipire, amalume," anatero. "Yayesetsa kuti isaphonye."

Dzinja lotsatira ndinasamukira kwa asisi ndi khasu langa. Ndinkalima ine, iwo ankabwera pambuyo ndi mbewu m'kambale, ndipo pa munda wonse uja tinkatha chigawo chimodzi chokha, cha chimanga.